Bambo wa nazale amene anandikonzera kuseri kwa nyumba ku Chinamwali: zimene anakhoza ndi zimene anandikhumudwitsa nazo

Nyumba yathu ili kumtunda kwa Chinamwali, ndipo amene mumakhala ku Zomba kuno mukudziwa mmene malo ambiri alili, nyumba ya mnzako imakhala pamwamba pa yako ngati mashelefu a mugolosale. Ife tinamanga fensi ya njerwa yaitali bwinobwino, munthu wodutsa mumsewu sangaone kanthu, koma aneba akumtunda akangokhala pakhonde pawo amaona chilichonse kuseri kwathu. Ndikuti chilichonse. Zovala zamkati pachingwe, ndiwo zimene ndikusadzula, alendo amene abwera, mpaka tsiku lina mayi a pamenepo anandipeza kutchalitchi nkundifunsa kuti "mwayambatu kuphika pambaula masiku ano, kodi kuka yafa?" Anafunsa mwachikondi, si anthu oipa ayi, koma ine ndinabwerera kunyumba nditatupa, ndinawauza bambo a kunyumba kuti ine zokhala ngati ndili pa TV pakhomo panga pomwe zandikwana.

Kenako namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023, madzi ochokera kumtunda anadzadza kuseri kwa fensi ija mpaka mbali ina inagwa usiku, tinangomva phokoso ngati lole yatsitsa miyala. Titamanganso ndi pamene ndinaganiza zoti kuseri kuja kukonzedwe kamodzi nkamodzi, kubisike komanso kukhale maluwa, chifukwa kunali dothi lofiira lokhalokha, nthawi yamvula matope nthawi yachilimwe fumbi.

Ndinayamba ndapita kukayenda ku Botanic Gardens kuja kumene mtsinje wa Mulunguzi umadutsa, munda wakalekale umene unayamba mu 1891 nthawi ya atsamunda, Zomba isanasiye kukhala likulu la dziko. Kumeneko nkumene ndinakatengako matenda, chifukwa ndinabwerako mutu utadzadza mitengo ikuluikulu, ndikuiwala kuti iwo ali ndi malo aakulu ndi mtsinje, ine ndili ndi kamalo koti ukayanika mabulangete atatu kadzadza. Pulani yanga inali yoti ndidzale bulugama mzere wonse kumtunda chifukwa amakula msanga, pakati jakaranda mmodzi wa maluwa apepo aja amene amakongoletsa tauni yathu ino mu Okutobala, basi nkhani yatha.

Nazale imene ndikunenayi ili m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre, dzina sinditchula chifukwa pali zina zimene ndidandaule ndipo sindikufuna kuwaonongera bizinesi bambo wa eni ake. Si malo apamwamba ayi, ndi machubu akuda aja ataandalika pansi pa mthunzi wa udzu, migolo iwiri ya madzi, wilibala yopanda tayala labwino, ndi anyamata awiri othirira ndi makeni. Mwini wake ndi bambo wachikulire ndithu, wa foni ya mabatani, wosalankhula kwambiri. Nditawauza pulani yanga anangomvetsera mpaka ndinamaliza, kenako akuti "mayi, mbande ndikhoza kukugulitsani lero lomwe, ndalama ndikuifuna, koma bwanji ndidzaone kaye pamalopo?" Anandiuza kuti ndingowapatsa ya kabaza basi. Apo mpamene ndinayamba kuwakhulupirira, chifukwa kwina kumene ndinafunsako anali atayamba kale kundilongedzera mbande ndisanamalize nkulankhula komwe.

Tsiku limene anabwera ndi limene ndikufuna ndifotokoze bwino, chifukwa ngati pali chimene ndinalipira chosandipweteka mtima ndi chimenechi. Anafika ndi mnyamata mmodzi atanyamula nsungwi yaitali, kunsonga kwake atamangako jumbo yabuluu. Sanayambe nkuyeza malo ayi, anayamba ndi mafunso. Mumachapira pati? Mumaphikira pati mukakhala panja? Madzulo mukafuna kupuma mumakhala pati? Ana amasewera mbali iti? Ndikawalozera, iwo amapita nkukakhala pamalo pomwepo, pa kampando kanga kochapira kaja, nkuyang'ana kumtunda kukhonde kwa aneba. Ndiye amamuuza mnyamata uja kuti aziyenda ndi nsungwi ija, "pita uko, bwerera pang'ono, kweza, kweza, tsitsa, ima pomwepo", mpaka jumbo ija itaphimba khonde la aneba m'maso mwawo, akatero amakhoma chikhomo pansi nkulemba kutalika kwake pa katoni ya sopo. Ine ndinkangoseka kuti koma abale, izinso ndi ziti.

Atamaliza anandiitana kuti ndikhale pa mpando uja ndione ndekha. Zimene ndinaona ndi izi: fensi yonse ija sinkafunika mitengo italiitali ayi, maso a aneba amalowera malo atatu okha, pakona yakumtunda, pamalo ochapira ndi pakhomo la kukhitchini. Komanso anandionetsa chinthu chimene sindinachiganizepo olo tsiku limodzi, kuti chotchinga chikakhala kutali ndi iwe, kufensi uko, chimafunika chitalike mamita 4 kapena kuposa kuti chibise khonde lakumtunda, koma chikakhala pafupi ndi pamene wakhala, mamita awiri okha akwana. Anatambasula chikhatho chawo pafupi ndi nkhope yanga nkunena kuti "mukuliona phiri?" ndinati ayi. Akuti "phiri la Zomba lonseli, lopitirira mamita 2,000, labisika ndi dzanja la nkhalamba, ndiye inu mukufuna bulugama wa chiyani?" Ndinangoti kakasi. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ine ndakhala pakhomo pamenepa ndikuyang'ana khonde lomwelo tsiku ndi tsiku koma zimenezi sindinazione.

Pulani yanga yonse anaikana, mwaulemu koma anaikana. Bulugama akuti amamwa madzi kwambiri, pansi pake sipamera zinthu bwino, mizu yake idzafika kufensi imene ndangomanga kumene, komanso akakula nthambi zake zidzafika pa mawaya a ESCOM ndiye mudzayamba kulipira anthu odula. Jakaranda akuti ndi wokongola pamsewu ndi pabwalo lalikulu, koma pa kamalo kanga mizu yake idzapeza sepitiki tanki, komanso amayoyola masamba onse nthawi yachilimwe asanachite maluwa, ndiye miyezi imeneyo sabisa kanthu. Apongozi anga anali atandiuza kuti ndingodzala nkhadze ngati kumudzi, mpanda wosafuna madzi, mbuzi sizidya, koma bambowa atangoona ana anga awiri akuthamangathamanga anati ayi, utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala. Nsungwi ndinkazifunanso, anati chabwino zimabisa zedi koma phata lake limakula chaka ndi chaka, masamba ake adzakudzadzirani m'magatala, mudzatopa nkusesa.

Zimene anadzala ndi izi, ndifotokoza mmene zilili kuyambira kumtunda kutsika. Mkati mwa fensi yakumtunda anayamba ndi mzere wa vetiva, udzu womwe uja alangizi amauza alimi kuti adzale pa akalozera, anaudzala mothinana motsata kupingasa kwa malo kuti madzi akamatsika azifika atafooka ndipo dothi lizitsalira pamenepo. Anandikalipiranso pang'ono kuti fensi yomangidwa pamalo otsetsereka imafunika timabowo pansi toti madzi azitulukira, apo bii idzagwanso, ndiye tinaitana mmisiri kudzaboola. Mvula ziwiri zadutsa, fensi ili chiimire, ndipo kuseri kwa vetiva kuja kwaunjikana dothi lakuda labwino moti ndimakatapako loika m'miphika ya maluwa.

Pakona yakumtunda anadzala mitengo isanu ya ashoka, ija yowonda yoongoka ngati kandulo, masamba ake olendewera pansi. Ndinkafuna mzere wonse koma anati isanu yakwana, ina ingakhale kutaya ndalama. Imeneyi siyoyola masamba onse nthawi imodzi, ndipo sitambalala, ndiye pa malo ang'ono ndi yabwino. Koma musanamizidwe kuti imakula ngati chimanga, chaka choyamba inangokhala ngati yakwiya, inayamba kuthamanga mvula yachiwiri.

Pamalo ochapira ndi pamene anachita zanzeru kwambiri. Anaimika mapolo anayi, pamwamba nkuyala waya, mbali yoyang'ana kumtunda nkumanga timitengo topingasa, kenako nkudzala magalagadeya atatu. Akuti "awa ndi oti akubiseni chaka chino chomwe, pamene mukudikira ashoka." Ndipo zoona, pofika mwezi wa Meyi chisakasa chonse chinali chitaphimbika, ndimachapa ndili mumthunzi, wakumtunda akungoona masamba, ndipo chaka chisanathe tinayamba kutola zipatso. Maluwa akenso ndi okongola modabwitsa, oyera ndi pepo pakati, ana amawatcha wotchi. Anandichenjeza kuti magalagadeya sakhalitsa, pakatha zaka zitatu kapena zinayi amayamba kufooka, ndiye ndizikhala nditafesa ena. Pamene madzi ochapira amatayikira anakumba kangalande kopita pa phando la nthochi ndi maluwa a kana ofiira ndi achikasu, zinthu zokonda chinyontho, moti pamene kale panali chithaphwi chonunkha cha udzudzu pano mpamene pali pobiriwira kuposa pena paliponse.

Kumbali ya mitundu ya maluwa, anandifunsa funso lina limene linandisokoneza, akuti "mukufuna kukongole mwezi uti?" Ine ndinati chaka chonse, nanga pali munthu amafuna kukongole mwezi umodzi? Anaseka nkunena kuti ndiye tisadzale mtundu umodzi, tidzale zoti zizilandizana. Mmene zikuyendera pano ndi chonchi: nthawi yamvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kana ndi haibisikasi ndi amene amalamulira, chilichonse chili chobiriwira. Ikafika Juni ndi Julayi, kuzizira kuja kwa chiperoni nkhungu itakuta phiri lonse mpaka ku Ku Chawe osaoneka, poinsetiya amafiira psuu ndipo aloe amatulutsa maluwa ake aatali aja amene timbalame ta songwe timawakonda, m'mawa ndikamamwa tiyi ndimangotiona tikulimbirana. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, dzuwa likamaphwanya mutu udzu wonse utauma, boganivila ndi amene amayaka pafensi. Anandiphunzitsa kuti boganivila ukamamuthirira kwambiri amangochita masamba ndi minga, amachita maluwa akamva ludzu, ndiye ameneyu ndi mnzake wa munthu woopa bilu ya madzi. Komanso zofiira zimene timati maluwa zija ndi masamba chabe osintha mtundu, duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kali pakati, pitani mukayang'ane ngati mukukayika, ine ndinachita kukathyola kuti nditsimikize. M'mbali mwa kanjira anaika duranta wachikasu uja wodulira, ndipo pakhomo la kukhitchini anaikapo mapando awiri a udzu wa mandimu kuti tiyi asamasowe fungo.

Kadzalidwe kawo ndilibe nako mawu. Anakana kudzala mu Novembala mvula yoyamba itangogwa, akuti imeneyo ndi yonamiza, tidikire nthaka inyowe mpaka pansi, ndiye tinadzala chapakati pa Disembala, nthawi yomwe boma limatsegulira nyengo yodzala mitengo. Maenje a mitengo anakumba masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya, dothi lapamwamba mbali ina lapansi mbali ina, pokwirira lapamwamba lija losakaniza ndi manyowa ndi limene limayamba kulowa. Dothi lathu kumtunda kuno lili ndi miyala, anyamata aja anathyola mpini wa piki kawiri koma sanachepetse dzenje olo limodzi, bambo aja amachita kulowetsa ndodo yoyezera dzenje lililonse. Kudzala kwenikweni amachita madzulo dzuwa litapepa, chubu amachita kung'amba ndi lumo osati kukoka mbande, ndipo machubu onse anatolera nkupita nawo, sanandisiyire zinyalala.

Tsopano ndinene zondinyansa, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono.

Choyamba ndi nthawi. Bambo amenewa akati "ndikubwera Lachiwiri" muzifunsa kuti Lachiwiri la mwezi uti. Ntchito imene anati ndi ya masiku asanu inatenga masabata atatu, tsiku lina maliro, tsiku lina mnyamata wadwala, tsiku lina foni yazima chifukwa kwawo kulibe magetsi, tsiku lina mvula, chonsecho mvula ndi imene timaidikira. Ine ndinapempha tchuthi kuntchito masiku awiri kuti ndiziyang'anira, masiku awiri onsewo sanabwere, anabwera tsiku limene ndinabwerera kuntchito. Bambo a kunyumba anafika ponena kuti tingopeza wina amalize, koma ndinali nditapereka kale theka pa Airtel Money ndiye ndinangopirira.

Chachiwiri ndi mtengo wa ntchitoyo. Tinagwirizana mtengo kumayambiriro kwa Novembala 2023, patangopita masiku ochepa kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye pobwera kudzayamba ntchito anabwera ndi mtengo wina. Waya ndi misomali ndinamvetsa, zimenezo zinakweradi m'mahadiweya monse, koma mbande zimene zinali kale m'machubu pa nazale pawo, zothiriridwa ndi madzi a mumtsinje, zinakwera bwanji? Nditawafunsa anangoti "mayi, nanenso ndimagula sopo ndi shuga." Tinakambirana mpaka anatsitsako pang'ono, koma phunziro ndinalitenga, muzilemberana papepala, mbande zingati, mtengo wake, manyowa ndi a ndani, mapolo agula ndani, chifukwa pakamwa pokha mudzakangana.

Chachitatu ndi chimene chimandiwawabe mpaka lero. Ndinaitanitsa boganivila wa mitundu itatu, wofiira, wa olenji ndi woyera, ndinachita kunena kuti wapepo uja ali paliponse m'tauni muno sindikumufuna. Mbande zinabwera zopanda maluwa, zodula kumene, iwo nkumaloza molimba mtima kuti uyu ndi wofiira, uyu woyera, uyu wa olenji. Ndinadikira miyezi yonse ija, Ogasiti atafika, pa mbande 8 zimene anadzala, 6 zinatuluka zapepo, mmodzi wofiira, mmodzi woyera, wa olenji olo mmodzi. Nditawaimbira akuti anyamata anasokoneza machubu posuntha. Analonjeza kudzasintha koma pamenepo mitengo inali itagwira kale, kuzula kunali kubwerera mmbuyo chaka chathunthu, ndiye ndinangowasiya. Kunena zoona akayaka onse pamodzi amakongola ndithu, alendo amajambulitsapo, koma si zimene ndinalipira. Inu mukamagula boganivila kapena haibisikasi, gulani amene ali ndi duwa olo limodzi loti mwaliona ndi maso anu, zongouzidwa ayi.

Chachinayi, munthu yemwe uja anakana nkhadze chifukwa cha ana sanandiuze kuti duranta ukamusiya osadulira amabereka tizipatso ta olenji tokongola ngati mikanda, ndipo timeneto ndi tapoizoni. Ndinadziwa chifukwa mnzanga wina wa ku yunivesite ku Chirunga anabwera kudzacheza nkupeza mwana wanga wamng'ono atatolera m'kachitini akusewera masanje, anachita kumulanda. Mwamwayi sanadye. Pano ndimadulira pafupipafupi asanachite maluwa ndiye sabereka, koma zimenezi amayenera kundiuza tsiku loyamba. Utomoni wa poinsetiya nawonso umayabwa pakhungu, podulira muzivala magolovesi kapena jumbo m'manja, boganivila ndiye minga yake simasewera, mpira wa ana waphulikapo kawiri.

Kapinga amene anabweretsa anali wosakanikirana ndi dawe. Amene munalimbanapo ndi dawe mukudziwa, ukazula pamwamba timbatata take timatsala pansi, sabata yamawa wameranso. Ndakhala ndikukumba ndi mpeni Loweruka lililonse, pano wachepa koma sanathe. Apa sindikuwaimba mlandu kwambiri chifukwa kapinga wa m'madambo ambiri amabwera choncho, komabe akanasankhako.

Chiswe ndiye chinatidyera ashoka mmodzi ndi haibisikasi awiri chilimwe choyamba. Apa mlandu tigawane, iwo anandiuza kuti ndiphimbire pansi ndi udzu wouma kuti chinyontho chisamathawe, koma sanandiuze kuti udzuwo usakhudze tsinde, ine ndinaunjika mpaka pakhosi pa mtengo, chiswe chinangoti zikomo kwambiri. Atabwera kudzaona, patatha mafoni ngati khumi, anasuntha udzu uja nkusiya mpata ngati chikhatho kuzungulira tsinde, nkuwaza phulusa la pambaula, ndipo haibisikasi awiri aja anandibwezera ulere. Ashoka anati adzabweretsa mvula ikayamba.

Za madzi ndinene chilungamo chifukwa ambiri amafunsa. Chilimwe choyamba bilu ya Water Board inakwera moti bambo a kunyumba anaibweretsa patebulo nkuiika pambali pa mbale yanga ya nsima osalankhula kanthu. Mbande zazing'ono zimafuna madzi, palibe kuchitira mwina, makamaka Seputembala ndi Okutobala. Chimene chinatipulumutsa ndi madzi otsukuluzira zovala ndi osambitsira ana, timawasunga m'ndowa madzulo nkuthirira, komanso bambo aja anatiuza kuti bola kuthirira kwambiri kawiri pasabata kusiyana nkuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa mizu imatsatira madzi pansi. Chilimwe chachiwiri vetiva, boganivila, aloe ndi duranta sitinazithirire nkomwe kwenikweni, madzi amangopita ku magalagadeya, haibisikasi ndi kapinga pang'ono. Kapingayo ndinamusiya aume mu Okutobala, mvula itangogwa anadzuka yekha.

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji osangokweza fensi ndi malata kapena kuwonjezera njerwa. Tinawerengera, kuti fensi ibise khonde lakumtunda imafunika italike ngati ya kundende, ndipo pamalo otsetsereka pamene inagwapo kale ine sindikanagona tulo mvula ikamagwa. Komanso fensi yotero imakhala ngati mwawatukwana aneba, pamene maluwa palibe amene amakhumudwa nawo, mayi aja mpaka anadzapempha nthambi za haibisikasi kuti akadzale kwawo.

Ndiye kodi ndingawatumize anthu kwa bambo amenewa? Eya, koma osati aliyense. Ngati muli ndi kamalo kang'ono, kotsetsereka, koonekera kwa aneba, ndipo mukufuna munthu woti akuuzeni choti mudzale ndi pamene mudzale, amenewa ndi katswiri, maso awo ndi a ndalama, ndipo sakukakamizani kugula zambiri, ine anachita kundichepetsera okha. Koma ngati ndinu munthu wa pulogalamu, wofuna ntchito ithe Lachisanu chifukwa Loweruka kuli chinkhoswe pakhomo, mudzadwala nawo BP. Mwina njira yabwino ndi kuwalipira kuti adzayende ndi nsungwi yawo ija, akukhomereni zikhomo, akuuzeni mitundu, kenako mbande mukasankhe nokha zili ndi maluwa, maenje mukumbitse aganyu inu muli pomwepo ndi ndodo yoyezera. Ndikanadziwa ndikanatero. Pa 10 ndikuwapatsa 7, zitatuzo zapita ndi boganivila wa olenji, tchuthi changa chija ndi tizipatso ta duranta.

Pano papita zaka ziwiri. Ashoka anayi aja adutsa fensi ndi kutalika kwa munthu, pamalo ochapira sipaoneka olo pang'ono, madzulo ndimayala mphasa pa kapinga nditangomanga chitenje osaganiza za munthu. Lamulungu lapitali mayi akumtunda aja anandigwira dzanja potuluka m'tchalitchi, akuti "koma mayi mwasowatu, kodi mumakhalapo pakhomo paja?" ndinati ndimakhalapo tsiku lililonse, anangoti "oooh" kenako nkufunsa ngati magalagadeya apsa. Ndinawatumizira mwana ndi jumbo yodzadza. Pangotsala mpata umodzi pamene panafa ashoka paja, ukaima pakhomo la kukhitchini nkupendekera kumanzere umaonabe mpando wawo wa pulasitiki wobiriwira. Ndawaimbira bambo a nazale dzulo, akuti mbande ilipo anandisungira, akubwera nayo Lachiwiri.